Chipewa ndi nsalu ya maluwa pa dzuwa la ku Honde

Mwezi wa Okutobala ukalowa, chigwa cha Honde chimasanduka ng'anjo. Wapaulendo wochokera ku Mutare amapatuka mu msewu wa ku Nyanga n'kuyamba kutsetsereka m'makona osawerengeka. Pamwamba paja amanyamuka atavala juzi, koma pofika pa Hauna juzi ija imakhala italowa kale m'chikwama. Hauna ndi tawuni yaing'ono yomwe ili pakati pa malonda onse a m'chigwachi, m'boma la Mutasa, chigawo cha Manicaland, kufupi ndi malire a Zimbabwe ndi Mozambique. Mphepo yochokera ku nyanja yamchere ya India imagunda mapiri a Nyanga n'kukhuthulira mvula yake m'chigwamo, ndipo ichi n'chifukwa chake nthochi, mapeyala ndi tiyi zimachita bwino kumeneko. Koma chinyontho chokondweretsa mbewucho chimazunza munthu: thukuta siliuma msanga, ndipo malaya amamatirira pathupi dzuwa lisanafike n'komwe pamutu.

Nyengo imeneyi ndi yomwenso mafoni a atsikana amadzaza ndi zithunzi za madiresi a maluwa ndi zipewa zotambalala, zotumizirana pa WhatsApp ndi pa Facebook. Zina zimachokera m'masitolo a ku Johannesburg, zina ku London, komwe nyengo yotentha imadza mu Juni mpaka Ogasiti, pomwe ku Honde anthu amakhala akuotha moto. Kumaiko amenewo chovala cha nyengo yotentha ndi cha tchuthi, cha munthu wopumula pansi pa ambulera m'mbali mwa nyanja. Ku Honde nyengo yotentha ndiyo ya ntchito yakalavulagaga, pakuti tiyi amaphukira mwamphamvu mvula ikayamba mu Novembala mpaka cha mu Epulo, ndipo m'miyezi yomweyo chimanga chimafuna kupalira. Mayi wa ku Honde naye amafuna kutchena, ndipo palibe cholakwika pamenepo. Vuto lake ndi lakuti ndalama zake zimakwanira nsalu imodzi kapena ziwiri pa chaka, ndiye nsalu yomweyo iyenera kumukongoletsa ndi kumuteteza.

Tiyi ndi anthu ake

Ulimi wa tiyi wa malonda ku Zimbabwe udayambira ku Chipinge, kummwera kwa Mutare, komwe mu 1924 tiyi adadzalidwa pa esiteti ya New Year's Gift, chiyambi cha kampani ya Tanganda. Ku Honde adafika mochedwerapo, m'zaka za m'ma 1950, ndipo mayina a Aberfoyle, Eastern Highlands ndi Katiyo ndi odziwika kwa aliyense wa m'chigwamo. Pambali pa maesitetiwa pali alimi ang'onoang'ono omwe amalima tiyi m'minda yawo n'kumagulitsa masamba ku fakitale, ngakhale ambiri adatembenukira ku nthochi zomwe zimabweretsa ndalama mwachangu.

Minda ya azungu a ku Southern Rhodesia idalimidwa kwambiri ndi manja a alendo. Amuna ochokera ku Nyasaland ankatsikira kumeneko pa ulendo wa Ulere kapena kudzera ku Mthandizi, ena ankangoyenda pansi kudutsa ku Tete. Ambiri adatchona, adakwatira, ndipo zidzukulu zawo zidabadwira konko. Malamulo aakulu a Zimbabwe a mu 2013 amatchula Chichewa pakati pa zilankhulo 16 zovomerezeka. M'makomboni a maesiteti a kum'mawa, momwe ochokera ku Mozambique ndiwo adachuluka, zilankhulo zakhala zikusakanikirana kwa zaka zambiri, ndipo nsalu imodzi yomweyo ili ndi mayina atatu: wa ku Mulanje amati chitenje, wa ku Manica amati capulana, Mshona amati zambia. Duku lokha ndilo silidasinthe kwenikweni, poti Ashona amati dhuku.

Wothyola tiyi amalowa m'munda mbandakucha n'kuima pakati pa zitsamba zofika m'chiuno. M'mawa masamba amakhala onyowa ndi mame kapena mvula ya usiku, choncho kuyambira m'chiuno kutsika m'munsi munthu amanyowa, pomwe kuyambira m'chiuno kukwera m'mwamba amapsa, chifukwa m'munda wa tiyi mthunzi ndi wosowa. Timitengo todulira timang'amba nsalu ndi kukanda miyendo. Kumsana kuli dengu lomwe limanka lilemera, ndipo popeza malipiro amayendera kulemera kwa masamba pa sikelo, palibe amene amafuna kutaya nthawi n'kukakhala pansi pa mtengo. Walira mvula walira matope: miyezi ya ndalama ndiyonso miyezi yomwe thupi limalipira kwambiri.

Dzuwa silisankha khungu

Anthu ambiri amakhulupirira kuti dzuwa siliopsa munthu wa khungu lakuda. M'mawu amenewa muli choonadi, koma chochepa. Khungu lakuda limapiriradi kuposa loyera, koma maso a anthu onse ndi amodzi, ndipo kutentha kwa thupi sikuyang'ana mtundu. M'kuwala kwa dzuwa muli cheza chosaoneka ndi maso chomwe akatswiri amachitcha UV. Chezachi sichimveka kutentha pakhungu, ndipo chimaboola mitambo yopyapyala, kotero kuti tsiku la mitambo mu Januwale, lomwe anthu amasiya zipewa kunyumba, likhoza kukhala loopsa ngati tsiku la ng'amba. Chimakulanso malo akamakwera: pa mamita 1,000 aliwonse chimawonjezeka ndi magawo pafupifupi 10 pa 100 aliwonse, ndiye kamphepo kayaziyazi ka m'mapiri a Chipinge kasanamize munthu. Ku Honde dzuwa limadutsa pa liwombo penipeni kawiri pa chaka, cha pakati pa Novembala ndi kumapeto kwa Januwale, nthawi yomwe tiyi ali pachimake. Mlimi safunika chipangizo kuti adziwe nthawi yoopsa. Chithunzithunzi chake chikafupika kuposa msinkhu wake, dzuwa lakwiya, ndipo zimenezi zimachitika kuyambira cha m'ma 10 koloko m'mawa mpaka chakumadzulo.

Mu Novembala 2023 mabungwe awiri a United Nations, la zaumoyo la WHO ndi la zantchito la ILO, adalengeza kuti mu 2019 anthu pafupifupi 1.6 biliyoni ankagwira ntchito zawo pa dzuwa, ndipo pafupifupi 19,000 adamwalira chaka chimenecho ndi khansa ya pakhungu yobwera kaamba ka ntchito yotere. Mu 2024 ILO idawonjeza kuti antchito oposa 2.4 biliyoni amakumana ndi kutentha kopitirira muyeso. M'midzi chomwe chimaoneka kawirikawiri ndi maso owonongeka. Cheza cha dzuwa chimafulumizitsa ng'ala, komanso chimameretsa kamnofu kofiirira komwe kamayambira kumbali ya mphuno n'kumakwawira pakati pa diso. Mayi wosaona bwino sangasiyanitse masamba awiri anthete ndi kansonga kake, omwe fakitale imafuna, ndi masamba okhwima omwe imabweza.

Pali magulu awiri omwe alangizi ayenera kuwaganizira mwapadera. Loyamba ndi la anthu achialubino, omwe khansa ya pakhungu imawatenga akadali achinyamata. Kwa iwo chipewa cha khonde ndi malaya a manja aatali ndi mankhwala enieni, ndipo mwana wotere ayenera kuloledwa kuvala chipewa kusukulu ngakhale yunifolomu isakutchula. Lachiwiri silikambidwa poyera: amayi odzola mafuta oyeretsa khungu. Mafuta ambiri otere amachotsa chitetezo chomwe khungu lidabadwa nacho ndi kulipyapyalitsa, ndipo mwini wake akapita kumunda, dzuwa limamudetsa masaya ndi zigamba zomwe sizichokanso. Kudzudzula amayiwa pa msonkhano sikuthandiza. Amangosiya kubwera.

Chipewa choyenera munda

Makapusi, omwe amagawidwa mochuluka pa misonkhano ndi pa zionetsero za ulimi, amaphimba mphumi yokha. Makutu, masaya ndi kumbuyo kwa khosi, komwe munthu wowerama amapsa kwambiri, zimatsala pamtunda. Duku nalo limateteza tsitsi ndi liwombo koma silipereka mthunzi kumaso. Chofunika ndi chipewa cha khonde lozungulira mutu wonse, ndipo akatswiri a za khansa ku Australia, dziko lomwe lidavutika kwambiri ndi matendawa, amalangiza kuti khonde la chipewa cha munthu wamkulu lisachepere masentimita 7.5. Muyeso umenewu ndi pafupifupi zala zinayi zogundana, ndipo aliyense akhoza kuyesa pa msika asanatulutse ndalama.

Komatu chipewa chotambalala cha pa chithunzi chija sichingakhalitse m'munda wa tiyi. Dengu la kumsana limakwera mpaka kufupi ndi nkhongo, ndipo nthawi iliyonse wothyola akaponya masamba kumbuyo, khonde limagunda dengu, chipewa n'kugwera kumaso. Ikangokwana nthawi yochepa mayi amatopa nacho n'kuchikoleka pa chitsamba. Chipewa chomwe chimagwirizana ndi ntchitoyi ndi cha khonde lolimba kutsogolo ndi m'mbali, koma lalifupi kapena lofewa kumbuyo, komwe telala amasokererako kansalu kolendewera kophimba khosi mpaka m'mapewa. Telala aliyense wodziwa kusoka kolala akhoza kuchipanga. Khonde limalimba akasanjikiza nsalu zochindikala ziwiri kapena zitatu n'kuzisoka mizere yozungulira yoyandikana. Kunsi kwa khondelo kukhale nsalu yakuda kapena yobiriwira kwambiri, chifukwa yoyera imabwezera kuwala m'maso.

Chipewa cha mlaza chili ndi ubwino wake. N'chopepuka, chimalowetsa mpweya, ndipo ndalama yogulira imatsala kwa woluka wa m'dera lomwelo. Chiyenera kuyang'anidwa choloza kudzuwa: ngati kuwala kukudontha ngati madzi pa sefa, chimenecho n'chokongoletsa chabe, pokhapokha chitasokeredwa nsalu mkati. Mvula ya ku Honde imachichititsa nkhungu chikasungidwa chonyowa, choncho chimayenera kwambiri mayi wogulitsa nthochi m'mbali mwa msewu kuposa wa m'munda wa tiyi.

Pali chinthu china chomwe okonza zovala m'mizinda saganizira. Mutu wa mayi wakumudzi ndi wonyamulira katundu. Posenza mkoko wa nthochi, mtolo wa nkhuni kapena ndowa ya madzi, malo a chipewa amatengedwa ndi nkhata. Ichi n'chifukwa chake zingwe ziwiri zomanga pansi pa chibwano n'zofunika kuposa mmene zimaonekera: posenza, chipewa chimakankhidwira kumsana n'kulendewera pa zingwezo, ndipo katundu akatsitsidwa chimabwerera pamutu. Zingwe zomwezo zimachigwira mphepo ikawomba kapena mwini wake akakwera kumbuyo kwa lole. Chipewa chopanda zingwe chimatsala panyumba.

Nanga duku? M'mabanja ambiri, makamaka a makolo ochokera ku Malawi, mayi wapabanja wopita kumaliro, kutchalitchi kapena kwa apongozi amamanga duku, ndipo amayi a Mvano amadziwika ndi duku lawo loyera. Ena amaona ngati chipewa n'cha abambo kapena cha madona a m'tawuni. Palibe chifukwa cholimbanirana ndi mwambo umenewu. Duku lopyapyala la thonje, lomangidwa mfundo yaing'ono kunkhongo, limalowa bwino pansi pa chipewa, limamwa thukuta lisanatsikire m'maso, ndipo mayi akafika pamaso pa akuluakulu amangovula chipewa n'kutsala ali wolemekezeka. Ongoyenera kukumbukira ndi atelala, kuti poyesa mutu ayese duku lili pomwepo.

Maluwa a pa nsalu

Nsalu za maluwa zidayenda ulendo wautali zisanafike pa Hauna. Amwenye ankadinda maluwa pa nsalu za thonje zaka mazana ambiri zapitazo, ndipo amalonda a m'mbali mwa nyanja ankazibweretsa ku Africa kalekale. Pambuyo pake mafakitale a ku Ulaya adatengera luso la anthu a pa chilumba cha Java, ku Indonesia, lojambula pa nsalu ndi phula. Kampani ya Vlisco ya ku Netherlands, yomwe idayamba mu 1846, idatchuka ndi nsalu zoterezi, ndipo dzina lakuti java likadalipo pakamwa pa ogulitsa zitenje. Achikulire a mbali zonse ziwiri amakumbukira dzina la David Whitehead, lomwe linali pa fakitale ya ku Blantyre komanso pa mafakitale a ku Chegutu ndi Kadoma. Nsalu zake zinali za thonje lolimidwa ku Chikwawa, ku Salima kapena ku Gokwe. Masiku ano thonje lambiri la m'maiko ano limatuluka kunja lisanawombedwe, ndipo pa msika pamadzaza nsalu zotsika mtengo zochokera ku Asia, zambiri mwa izo za poliyesitala.

Poliyesitala ndi pulasitiki yopotedwa ngati ulusi. Maluwa ake amawala, sasuluka msanga, ndipo nsaluyo sichita makwinya. Koma chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Nsalu yotere simwa thukuta, ndiye m'chinyontho cha ku Honde imasunga kutentha pathupi, imabweretsa zidzolo m'khwapa ndi pansi pa mabere, ndipo imagwira fungo. Choopsa koposa chili kukhitchini. Nsalu ya thonje ikagwira moto imayaka n'kusanduka phulusa, koma ya poliyesitala kapena nayiloni imasungunuka n'kumatirira pakhungu, ndipo mabala ake amakhala akuya. Mayi wophika pa mafuwa, mwana ali kumsana, ayenera kudziwa chimene wamanga m'chiuno.

Kusiyanitsa sikovuta. Nsalu ya thonje ikafinyidwa m'manja imatsala ndi makwinya, ndipo dontho la madzi limalowa msanga. Kaulusi kosololedwa m'mphepete kakayatsidwa ndi machesi, ka thonje kamanunkha ngati pepala lopsa n'kusiya phulusa lofewa, pomwe ka poliyesitala kamakhwinyata n'kusiya kambulu kolimba. Yeso lachiwiri ndi la kuwala, longa la chipewa cha mlaza lija: nsalu ikatambasulidwa choloza kudzuwa, yowombedwa mothithikana imabisa dzanja lomwe lili kuseri kwake. Yoonetsa dzanja imalowetsanso cheza. Nsalu yopyapyala ikanyowa ndi thukuta kapena ikakokeka pothina, chitetezo chake chimachepa kwambiri.

Pa nkhani ya mtundu pali zodabwitsa. Anthu amathamangira zoyera poganiza kuti n'zozizira, koma utoto wakuda, wofiira kapena wobiriwira kwambiri umatsekereza cheza kuposa nsalu yoyera yopyapyala. Mu 1980 akatswiri a sayansi adafalitsa m'magazini ya Nature zomwe adapeza atafufuza chifukwa chomwe Abedouin a m'chipululu amavalira mikanjo yakuda. Adapeza kuti munthu wovala mkanjo wakuda satenthedwa kuposa wovala woyera, malinga mkanjowo ukhale wotakasuka, chifukwa mpweya woyenda mkati umachotsa kutenthako kusanafike pakhungu. Apa ndi pomwe chitenje cha maluwa chimapambana. Utoto wake ndi wochuluka, dothi lofiira la m'munda silionekera msanga pa icho, ndipo chikasokedwa motakasuka chimapepesa thupi. Chomwe chimawononga zonse ndi fasho ya kusoka kothina. Diresi logwira thupi likhoza kukoma pa ukwati wa maola atatu, koma osati pa tsiku lathunthu la pa msika.

Kugwirizanitsa zovala kuli ndi nzeru yake yomwe amayi odziwa kutchena amaitsata ngakhale saitchula. Maluwa akuluakulu amafuna mnzake wachete: chitenje kapena siketi ikakhala ya maluwa otambalala, bulauzi ikhale ya mtundu umodzi, wotengedwa pa duwa limodzi la pa nsaluyo. Maluwa ang'onoang'ono amalola diresi lathunthu, ndipo amabisa bwino chigamba tsiku lomwe nsalu idzang'ambike. Chipewa sichiyenera kupikisana ndi diresi. Cha mtundu umodzi chimakwanira zovala zonse za m'nyumba, ndipo kansalu kotsala posoka, kakazungulizidwa pa chipewacho ngati lamba, kamachimangiriza ku chovala cha tsikulo. Kansaluko kakhoza kusinthidwa: kena ka kumunda, kena ka Lamlungu. Motero chipewa chimodzi chimagwira ntchito ya zitatu. Zidutswa za nsalu zisamasiyidwe kwa telala. Mwini nsalu adalipira zonse.

Kaunjika, yemwe ku Zimbabwe amamutcha mabhero ndipo ku Zambia salaula, ali ndi malo ake pa nkhaniyi. Mu 2015 boma la Zimbabwe lidaletsa kulowetsa zovala zakale m'dzikomo, koma mabelo sadaleke kudutsa malire kuchokera ku Mozambique, ndipo msika wa Sakubva ku Mutare udatchuka nawo. Atsikana amalimbirana madiresi opanda manja, oonetsa mapewa ndi msana, omwe ndi malo enieni opsa ndi dzuwa komanso otupa ndi zingwe za dengu. Chuma chenicheni pa mulu wa kaunjika ndi shati ya abambo ya thonje, ya manja aatali ndi kolala. Ikavalidwa yosapisira pamwamba pa chitenje cha maluwa imateteza mikono ku dzuwa ndi ku timitengo, kolala ikaimitsidwa imaphimba khosi, ndipo madzulo imathandiza ku udzudzu, poti boma la Mutasa ndi limodzi mwa maboma omwe malungo amavuta kwambiri ku Zimbabwe.

Miyendo nayo imafuna chitetezo, ndipo amayi ambiri a m'minda adapeza okha yankho: thalauza mkati, chitenje pamwamba, kenaka epuloni ya pulasitiki kapena thumba lomangidwa m'chiuno kuti mame asalowe. Nkhani ya thalauza ili ndi mbiri yowawa. Ku Malawi lamulo la mu 1973 linkaletsa amayi kuvala mathalauza ndi masiketi aafupi, ndipo lidatha pomwe dziko linkalowa mu ndale za zipani zambiri. Ngakhale zidatero, mu Januwale 2012 amayi adavulidwa m'misewu ya Lilongwe ndi Blantyre kaamba ka zovala zawo, ndipo mu Disembala 2014 zofanana zidachitika pa malo okwerera mabasi ku Harare. Mfumu kapena mkulu wa mpingo akanena poyera kuti thalauza la kumunda ndi chida cha ntchito ngati khasu, amamasula amayi ambiri omwe amaopa pakamwa pa anthu kuposa minga. Pulasitiki ija yokha ndiyo iyenera kuvulidwa mame akangouma, chifukwa masana imasanduka mphika.

Kuchapa ndi kuyanika

Dzuwa limasulutsa maluwa, ndiye amayi ena amayanika zitenje zawo pamthunzi kapena pa udzu. M'madera otentha ndi achinyontho zimenezi zimaitana ntchentche ya mphutsi, yomwe imaikira mazira pa dothi ndi pa zovala zonyowa za pamthunzi. Mazirawo akaswa, timphutsi timaboola khungu n'kutupitsa ngati chithupsa, makamaka kwa ana. Njira yabwino ndi kutembenuza chovala kuti maluwa akhale mkati, kuchiyanika pa chingwe padzuwa, ndi kuchisita mbali zonse ndi simbi yotentha, osaiwala m'misoko. Matewera ndi chitenje choberekera mwana ndizo zoyamba kusitidwa.

Nkhani yolemera kwambiri ndi ya mankhwala a kumunda. Chitenje chimagwira ntchito zambiri pa tsiku limodzi: n'chovala, n'chopukutira thukuta, n'chomangira ufa, n'choberekera mwana. Chitenje chomwe chinali m'munda wopoperedwa mankhwala ophera udzu kapena tizilombo sichiyenera kukhudza mwana kapena chakudya. Nsalu ya thonje, yomwe yayamikiridwa pamwambapa chifukwa chomwa thukuta, imamwanso mankhwala. Zovala zoterezi zichapidwe pazokha tsiku lomwelo, kutali ndi chitsime ndi mtsinje, ndipo wopopera mankhwala afunika zovala zake zapadera zotetezera, zomwe olemba ntchito ali ndi udindo wopereka. Nzeru yosavuta ndi yosankha maluwa osiyana kotheratu, mwachitsanzo obiriwira a kumunda ndi ofiira a mwana, kuti ngakhale mtsikana wotumidwa mumdima asasokoneze.

Ntchito ya alangizi

Mabungwe achitukuko akhala akugawa zipewa ndi malaya kwa zaka zambiri, ndipo zambiri mwa izo zimathera pamutu pa abambo, pa ana oweta mbuzi, kapena pansi pa sutikesi. Chifukwa chake n'chodziwika. Zimabwera za muyeso umodzi, zosalowa pa duku kapena pa tsitsi loluka, zili ndi chizindikiro chachikulu cha bungwe pamphumi, ndipo palibe adafunsa ovalawo ngati akuzikonda. Safunsa adadya phula. Mayi sangavale tsiku ndi tsiku chinthu chomwe chimamuchititsa manyazi pamaso pa anzake, ngakhale atauzidwa kangati za khansa ndi ng'ala. Kukongola kwa chipewa ndi mbali ya chitetezo chake, chifukwa ndiko kumachisunga pamutu.

Ndalama zomwezo zikhoza kugwira ntchito yoposa zikadutsa m'magulu osunga ndi kubwereketsa ndalama, omwe ku Zimbabwe amatchedwa mukando ndipo ku Malawi banki mkhonde. Gulu likagula nsalu yathunthu ya mayadi 6 m'malo mwa zidutswa, mtengo umatsika. Amayi amasankha okha maluwa, telala wa m'deralo amasoka chipewa chimodzi choyesera, wothyola tiyi mmodzi ndi wogulitsa nthochi mmodzi amachivala kwa sabata, kenaka amanena pofunika kukonza zisanasokedwe zambiri. Kwa ogwira ntchito m'maesiteti, makomiti a antchito ndi bungwe lawo la GAPWUZ akhoza kuika chipewa cha khonde pa mndandanda umodzi ndi majombo ndi majasi a mvula pokambirana ndi olemba ntchito.

Chovala chili ndi malire ake, ndipo mlangizi asalonjeze zoposa. Chipewa sichilowa m'malo mwa madzi akumwa, mthunzi wopumulirapo ndi kuyamba ntchito m'mamawa. Munthu akayamba kumva mutu, chizungulire, nseru kapena kukokana kwa minofu, apite pamthunzi, amasule zovala, amwe madzi kapena maheu. Akayamba kubwebweta kapena kukomoka, athiridwe madzi thupi lonse ndi kumuthamangitsira kuchipatala, poti kutentha kotere kumapha. Amayi oyembekezera ndi makanda a kumsana, omwe mitu yawo imakhala padzuwa amayi awo ali chowerama, ndiwo amafooka msanga, ndipo kachipewa ka mwana kamatuluka pa zidutswa zomwe zija.

Nthawi yokonzekera ndi Ogasiti ndi Seputembala, ndalama zisanapite ku mbewu ndi feteleza. Miyezi imeneyo telala wa pa Hauna amakhala ndi mpata woyesa mutu wa munthu aliyense. Pofika Disembala makina ake amakhala atadzaza ndi madiresi a Khirisimasi ndi mayunifolomu a ana otsegulira sukulu mu Januwale.